Kositiki adalowa m'gambuti ya mwana wanga ku ntchito: n'chifukwa chiyani bala likukulirakulira?

Funso: Ndine mayi wa ku Bembeke m'boma la Dedza. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito pa kafakitale kena kopanga sopo ndi mankhwala otsukira m'zimbudzi. Sabata yatha akusungunula kositiki soda m'diramu, madzi ake adamutayikira pa mwendo, ena n'kulowa m'gambuti. Akuti sizidapweteke kwenikweni, ndiye adangopukuta. Anzake adamuthira viniga n'kumupaka mankhwala otsukira mano, ndipo adamaliza ntchito ya tsikulo. Lero bala lija lakula, pakati pada bii, ndipo sakutha kuponda. Abwana ake akuti n'kusasamala kwake, komanso ndi waganyu chabe. Kodi bala loyamba laling'ono limakula bwanji chonchi? Tidalakwitsa pati, nanga wolipira ndani?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zamuonekera mnyamata wanu. Mafunso anu onse ndiwayankha, koma ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Ngati dokotala sadalione balalo chiyambire kuda, mupite naye lero ku chipatala cha boma ku Dedza, ngakhale pa njinga yamoto, phazi litakulungidwa ndi nsalu yochapa bwino. Bala la mankhwala lomwe lada pakati, lili pa phazi kapena pa kakolo, munthu n'kumalephera kuponda, silichizidwira pakhomo. Akafika anene momveka kuti chidamuwotcha ndi kositiki soda, atchule tsiku lake, komanso kutalika kwa nthawi imene mankhwalawo adakhala pakhungu. Ngati n'kotheka mujambule pa foni zolembedwa pa thumba la kositikiyo, adokotala akaone. Mukaona thupi likutentha, mwendo ukutupa kukwera m'mwamba, mafinya, fungo loipa, kapena zala za kuphazi zikuzizira n'kuchita dzanzi, musadikire kuti kuche. Madokotala a ku Dedza akaona kuti bala lalowa kwambiri amatumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, komwe kuli wodi ya anthu opsa yomwe idatsegulidwa mu 2011. Ina ili ku Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe idayamba mu 1993. Akakuuzani zopita ku Central musazengereze.

Tsopano za kukula kwa bala. Munthu akapsa ndi moto, akachotsa dzanja pamotopo kuwotcha kumatha posakhalitsa. Mankhwala amapitiriza kudya mnofu nthawi yonse imene akali pakhungu, mpaka atatsukidwa kapena mphamvu yake itathera m'thupi mwa munthuyo. Kukula kwa bala kumatengera mphamvu ya mankhwala, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene akhala pathupi. Pa zitatuzi, ngozi ikachitika, chimene munthu angachisinthe ndi nthawi yokha basi.

Mankhwala owotcha a m'mafakitale ali m'magulu awiri akuluakulu. Lina ndi la asidi, monga wa m'mabatire a galimoto ndi a sola, kapena hydrochloric acid amene amapezeka m'mankhwala ena otsukira zimbudzi. Asidi amapweteka msanga, munthu amakuwa n'kuthamangira madzi, ndipo amaumitsa mnofu wa pamwamba n'kupanga nkhanambo yomwe imachepetsako kulowa kwake m'kati. Gulu linalo ndi la alkali, momwe muli kositiki soda, laimu, simenti yonyowa ndi ammonia. Akatswiri amayeza zimenezi pa sikelo ya pH yomwe imayambira 0 kufika 14. Madzi akumwa ali cha pa 7, simenti yonyowa ili pa 12 kapena 13, ndipo madzi a kositiki wopangira sopo amafika pa 14. Mukakwera nambala imodzi, mphamvu ya alkali yachulukitsidwa kakhumi.

Inu mayi mumadziwa zimene chidulo chimachita m'mphika wa thelere kapena wa khwanya: masamba olimba amafewa n'kuyamba kuterera. Chidulo n'cha mtundu umodzi ndi kositiki, kungoti kositiki ndi wamphamvu kutalitali. Akagwa pakhungu amasungunula mafuta a m'thupi n'kuwasandutsa sopo, ntchito yomweyo imene amagwira m'diramu la pa fakitale paja. N'chifukwa chake munthu wogwira kositiki amamva zala zikuterera. Kutererako ndi khungu lake lomwe layamba kusungunuka. Popeza mnofu ukufewa m'malo mouma, palibe nkhanambo yotchinga njira, ndiye mankhwalawo amangolowerabe m'kati, kudutsa khungu, kufika pa mafuta, nthawi zina mpaka pa minyewa. Choopsa china n'chakuti kositiki wosungunulidwa m'madzi ambiri amatha kukhala pakhungu nthawi yaitali munthu asadamve ululu weniweni. Mwana wanu sadaname ponena kuti sizidapweteke. Kusapwetekako n'komwe kumapusitsa anthu ambiri, ngakhale amene agwira ntchitoyi zaka zambiri.

Ganizirani zimene zidachitika m'gambuti muja. Madzi a kositiki adatsikira ku phazi, sokosi n'kuwamwa, labala n'kuwatsekera kuti asatuluke kapena kuuma. Mnyamata akuyenda uku ndi uku, thukuta likuwonjezera chinyezi, sokosi yonyowa ikukhula malo omwewo mpaka nthawi yoweruka. Pa mwendo pomwe adapukuta mwina padangofiira. Koma m'gambuti kositiki adapeza maola ambiri ogwira ntchito yake popanda womusokoneza. Mabala a mtundu umenewu, a m'gambuti ndi a m'magolovesi, ndi amene amatisautsa kwambiri ife ogwira ntchito yoteteza anthu m'mafakitale, chifukwa chovala chomwe chimayenera kuteteza munthu n'chomwe chimasunga mankhwala pathupi pake.

Ndiye bala lotere silionetsa kuya kwake tsiku loyamba. Pamafunika masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposa apo, kuti malire a mnofu wakufa aoneke. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi tozungulira balalo timatsekeka, ndipo khungu lomwe dzana limaoneka lamoyo limafa pang'onopang'ono chifukwa magazi sakufikako. Kuyenda ndi phazi lotupa kumawonjezera vutoli, ndipo majeremusi akalowa bala limakulanso. Pakati pomwe mukuti pada bii ndi khungu lomwe lafa lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kawirikawiri malo amenewo sapweteka mukawakhudza, chifukwa mitsempha yomvera idafanso. Mnyamata akakuuzani kuti pakatipo sipakupwetekanso, musaone ngati kuchira kwayamba.

Mwafunsa kuti mudalakwitsa pati. Inuyo simudalakwitse chilichonse, ndipo musadziimbe mlandu. Nkhani idatayika pa fakitale m'mphindi zoyamba zija. Chimene chinkafunika ndi madzi, ambiri, oyenda, nthawi yomweyo. Gambuti, sokosi ndi buluku zikadavulidwa madzi akuthiridwa, osadikira kuti ayambe wapeza malo obisika. Chovala chothina chimadulidwa ndi sizasi m'malo mochikoka kudutsa pakhungu labwino, ndipo wothandiza avale magolovesi kuti naye asapse. Kutsuka kwake si kwa kapu imodzi kapena ziwiri. Pa mankhwala alionse owotcha timati mphindi 20 zikhale zochepetsetsa, ndipo pa kositiki timapitiriza kufika ola lathunthu kapena kuposa, mpaka khungu litasiya kuterera. Mphindi 20 n'zazitali munthu akamaziyang'ana pa wotchi, ndipo anthu ambiri amasiya zisadakwane n'zisanu zomwe. Wina ayang'ane nthawi pa foni n'kumaitchula mokweza.

Madziwo aziyenda n'kumapita. Kuviika phazi m'beseni kumangosandutsa madzi a m'besenimo kukhala kositiki wina, n'kuwotchanso malo omwe adali abwino. Pomwe palibe mpopi, anthu atatu kapena anayi amakwanitsa: awiri akutunga pa mjigo, mmodzi akuthira ndi jagi mosalekeza, madzi akutsetserekera kutali ndi thupi. Kwathu kuno kuli vuto lina lomwe anthu a ku Salima kapena ku Chikwawa saliganizira kwenikweni. M'mwezi wa June ndi July madzi a ku Bembeke ndi pa boma pa Dedza amazizira mpaka kuluma mafupa, ndipo munthu wothiridwa madzi otere nthawi yaitali amayamba kunjenjemera, thupi lonse n'kuzizira mopitirira muyezo. Njira yake ndi kumufunditsa bulangete mbali zonse zomwe sizidapse, kutsuka kukupitirira. Ngati pali madzi ofunda pang'ono ndi abwino koposa, koma munthu asadikire kuti madzi atenthetsedwe kaye. Ayezi ndi madzi a mufiriji asagwiritsidwe ntchito, chifukwa amatseka mitsempha ya magazi bala n'kuzama.

Za viniga ndilankhulepo motalikirako, chifukwa maganizo amenewa afala kwambiri pakati pa opanga sopo, ndipo amamveka ngati anzeru. Anzake a mwana wanu ankafuna kumuthandiza, ndipo adamvapo kuti asidi amapha mphamvu ya kositiki. M'botolo la mu labotale n'zoona. Pakhungu la munthu, asidi ndi alkali zikakumana zimatulutsa kutentha, pamalo pomwe papsa kale. Komanso botolo limodzi la viniga, yemwe asidi wake ndi pafupifupi 5 peresenti, silingafike pa kositiki yemwe walowa kale m'kati mwa khungu. Choipa kwambiri n'chakuti anthu akathira viniga mitima imakhala pansi, amaona ngati athana nazo, ndipo madzi aja sathiranso. Mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi, mafuta ophikira, Vaseline, phulusa, zonsezi zimaphimba mankhwala owotchawo pakhungu kuti apitirize ntchito, zimabweretsa majeremusi, ndipo ku chipatala anamwino amayamba avutika kuzichotsa wodwala akumva ululu. Bala likatsukidwa mokwanira lingophimbidwa ndi nsalu yoyera, matuza osawaboola, ulendo wa ku chipatala.

Pali pamene madzi sayambira. Ngati chagwa pathupi ndi chouma, monga tizibenthu ta kositiki wa m'thumba, ufa wa laimu kapena simenti, choyamba n'kuchisasa ndi nsalu youma kapena burashi, chifukwa zinthu zimenezi zikakumana ndi madzi ochepa zimatentha. Zikasasidwa, madzi ambiri atsatire nthawi yomweyo. Palinso asidi wina wotchedwa hydrofluoric acid, wopezeka m'mankhwala ena otsukira aluminiyamu ndi ochotsera dzimbiri. Ameneyu amalowa m'thupi n'kumanga kashiamu wa m'magazi, moti bala laling'ono limatha kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo ululu ukhoza kuchedwa mpaka tsiku lathunthu. Malo alionse osunga asidi ameneyu ayenera kukhala ndi mafuta opaka a calcium gluconate a 2.5 peresenti, ndipo wopsa naye apite ku chipatala ngakhale pakhungu pasakuoneka kanthu.

Ndithokoze Mulungu kuti sizidafike m'maso. Kositiki amadutsa galasi la diso m'mphindi zochepa chabe, ndipo khungu la phazi tingalisoke, koma diso likawonongeka kubweza n'kovuta zedi. Akagwera m'diso, munthu agonekedwe chammbali, diso lopsa likhale m'munsi, wina atsegule zikope ndi zala ngakhale mwini wake akukana, madzi n'kumathira kuchokera cha ku mphuno kwa mphindi zosachepera 30, ndipo kuthirako kupitirire m'galimoto popita ku chipatala. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena a masamba asayandikire. Diso lopsa likaoneka loyera mbee m'malo mofiira, chimenecho n'chizindikiro choipa, chifukwa mitsempha yake yafa. Wotere afike kwa madokotala a maso ku Central kapena ku Nkhoma tsiku lomwelo. Ndipo wina akameza, makamaka mwana yemwe wapeza kositiki m'botolo la zakumwa, musamusanzitse, chifukwa mankhwalawo amawotchanso kummero pobwerera. Mutsukeni m'kamwa n'kuthamanga naye.

Ku chipatala mukayembekezere izi. Adzatsuka bala, adzaona ngati adabayidwa katemera wa kafumbata, adzamupatsa mankhwala a ululu, ndipo ngati pali majeremusi adzamupatsa mankhwala ake. Khungu lakuda lija liyenera kuchotsedwa, nthawi zina ku fiyeta, chifukwa mnofu wakufa ndi chakudya cha majeremusi ndipo bala silingapole uli pomwepo. Mukadzaliona litachotsedwa lidzaoneka lalikulu kuposa kale, ndipo makolo ambiri amakhumudwa poganiza kuti adokotala awonjezera bala. Kukula kwake kwenikweni n'komweko, kumangobisika pansi pa khungu lakufalo. Bala lomwe silingapole lokha m'masabata awiri kapena atatu kawirikawiri limafunika kuikidwa khungu lina. Amasenda kachikopa kopyapyala pa ntchafu ya mwini wakeyo n'kukaika pa bala, ndipo pa ntchafupo pamapola pokha. Achibale ena amakana opaleshoni imeneyi chifukwa cha mantha, n'kubwerera naye kumudzi. Ndikupemphani mayi, akakuuzani zimenezi muvomere. Bala la pa kakolo lomwe lapola lokha kwa miyezi limasiya chipsera cholimba chomwe chimakoka phazi, munthu n'kumayenda chotsimphina moyo wake wonse.

Mbali yanu monga womudwazika ndi yaikulu. Phazi likhale pamwamba, pa pilo, kuti kutupa kutsike. Thupi lomwe likumanga mnofu watsopano limafuna chakudya chomanga thupi chambiri: mazira, nyemba, soya, usipa, mkaka, nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo. Mbatatesi ndi nsima zokha sizikwanira. Ngati amasuta fodya asiye, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pa bala. A mafizo akamuonetsa mopindira ndi kutambasulira kakolo, azichita tsiku lililonse ngakhale zikupweteka.

Tibwere kwa abwana aja. Mawu awo awiri, akuti n'kusasamala ndi akuti ndi waganyu, sakundikhutiritsa ngakhale pang'ono. Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito, Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Lamuloli limaika udindo pa wolemba ntchito kuti malo ogwirira ntchito akhale otetezeka, kuti antchito aphunzitsidwe za kuopsa kwa zinthu zomwe akugwira, kuti pakhale bokosi la chithandizo choyamba, komanso kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe popanda wantchito kulipira. Munthu yemwe sadauzidwepo kuti kositiki amatsukidwa ndi madzi kwa ola, yemwe anzake onse amadziwa viniga basi, yemwe kapitawo adamusiya kuti amalize ntchito sokosi ili yonyowa, tingamunene bwanji kuti ndi wosasamala? Ngati anthu onse pamalopo adachita zolakwika mofanana, ndiye kuti palibe yemwe adawaphunzitsa.

Lamulo lachiwiri ndi la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, Workers' Compensation Act la 2000. Limanena kuti munthu akavulala akugwira ntchito yake, wolemba ntchito ndiye ali ndi udindo wa ndalama za chithandizo cha mankhwala ndi chipukuta misozi. Silifuna kuti wovulalayo ayambe wasonyeza kuti abwana adalakwa. Ngozi wamba, kuterereka, kutayikira kwa madzi a m'diramu, zonsezi zimalowa. Zimasiyana pokhapokha munthu atadzivulaza dala kapena ataphwanya mwadala malamulo a chitetezo omwe amawadziwa bwino. Munthu akalumala kotheratu, chipukuta misozi chimawerengedwa pa malipiro a miyezi 54, ndipo wolumala pang'ono amalandira gawo la ndalama zimenezo malinga ndi peresenti yomwe dokotala walemba. Za uganyu, kusowa kwa kalata yolembera ntchito sikufafaniza ntchito yomwe munthu wakhala akugwira, chifukwa mgwirizano wa pakamwa nawo ndi mgwirizano. Ngati mwana wanu amapita tsiku ndi tsiku kukasungunula kositiki wopangira sopo yemwe fakitale imagulitsa, akugwira ntchito yeniyeni ya fakitaleyo. Amene ati aunike nkhaniyi ndi a ofesi ya zantchito pa boma pa Dedza, osati abwana okha.

Choncho sabata ino, inu kapena m'bale wina wodziwa kulemba apite ku ofesi ya zantchitoyo kukanena za ngoziyi. Wolemba ntchito ndiye amayenera kukanena, koma musadalire kuti achita. Nkhani zotere zili ndi nthawi yake yoikika, ndipo zikachedwa mboni zimasamuka, ena amayamba kuopa kuchotsedwa ntchito. Muonetsetse kuti m'buku la ku chipatala mwalembedwa kuti adapsa ndi kositiki ali pa ntchito, chifukwa akangolemba kuti bala la pa phazi, mawa wina adzati adapsera kunyumba. Jambulani balalo pa foni nthawi iliyonse akamamasula bandeji. Sungani malisiti a mankhwala, lembani m'kope ndalama za mayendedwe, mayina a anzake omwe adaona, ndi mauthenga a pa foni osonyeza malipiro omwe amalandira. Gambuti ija ndi buluku musataye, muziike m'jumbo kutali ndi ana.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni kwambiri. Abwana ena akaona kuti nkhani ikupita ku boma amabwera kunyumba ndi envulopu, n'kupempha kuti musayine kapena kudinda chala kuti nkhani yatha. Thandizo la mayendedwe ndi chakudya mukhoza kulandira, n'kulemba kuti ndi la chiyani. Koma pepala lotseka nkhani musasayine bala lisadapole, chifukwa kulumala kumayezedwa munthu atachira, ndipo lero palibe akudziwa ngati phazilo lidzapinda bwino. Akamuchotsa ntchito chifukwa chodandaula, imeneyo ndi nkhani inanso yomwe imayambira ku ofesi yomweyo n'kukafika ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Osowa ndalama ya loya amathandizidwa ndi a Legal Aid Bureau.

Ine chomwe chimandipweteka mtima pa nkhani ngati yanuyi n'chakuti zopewera ngozi zotere sizidula poyerekeza ndi mwezi umodzi wa munthu m'chipatala. Mafakitale akuluakulu a ku Kanengo kapena ku Makata amayenera kukhala ndi shawa ya ngozi ndi mpopi wotsukira maso. Muyezo womwe mayiko ambiri amatsatira umati wantchito azifika pa madziwo m'masekondi 10, ndipo madziwo azituluka kwa mphindi 15 osaduka. Kafakitale kakang'ono ka m'tauni ngati Dedza kapena Ntcheu, komwe madzi a m'mipopi amatha kusiya, kangathe kuika diramu la malita 200 pa thandala, lokhala ndi mpopi ndi payipi, pafupi ndi posungunulira, lodzazidwa m'mawa uliwonse ntchito isadayambe, madzi ake osatungidwa kukachita zina. Njira yopita pa diramulo isakhale ndi matumba kapena zigubu.

Zovala nazo zili ndi kavalidwe kake. Miyendo ya buluku kapena ovololo ikhale kunja kwa gambuti, kuti chotayika chitsetsereke pansi. Anyamata ambiri amailowetsa m'kati mwa gambuti pothawa matope, ndipo potero amatsegulira mankhwala khomo. Epuloni ya pulasitiki yolimba itsike kupitirira kukamwa kwa gambuti. Magolovesi akhale a labala yolimba, nitrile kapena PVC, ofika m'chigongono. A nsalu ndi a chikopa amamwa mankhwala n'kuwasunga pa dzanja. Magalasi akhale otseka mbali zonse, ndipo pothira zinthu zambiri pakhale chotchinga nkhope yonse. Komabe zovala ndi chitetezo chomalizira. Mwini fakitale wanzeru amayamba wachepetsa mpata woti mankhwala akhudze munthu: pampu yaing'ono m'malo mopendeketsa diramu anthu awiri, chivindikiro pa chosakanizira, mthiko wautali, pansi posaterera.

Posungunula, kositiki ndiye amathiridwa m'madzi ozizira pang'onopang'ono uku akutakasa. Kuthira madzi pa kositiki kumachititsa kuti awire mwadzidzidzi n'kuthovokera kumaso. Lamulo lomweli limagwiranso pa asidi. Kositiki asasungunulidwe m'poto kapena m'ndowa ya aluminiyamu, chifukwa amadya chitsulocho n'kutulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Ndipo popeza pa fakitale ya mwana wanu amapanganso mankhwala a m'zimbudzi, adziwe kuti Jik kapena klorini wa ufa akasakanikirana ndi asidi amatulutsa mpweya wa klorini womwe umawotcha maso ndi mapapo. Zinthu ziwirizi zisasungidwe pamodzi.

Thumba kapena chigubu chilichonse cha mankhwala owotcha chimakhala ndi chizindikiro chokhala ndi malire ofiira, chosonyeza madontho akugwera pa dzanja ndi pa chitsulo. Wogulitsa amayeneranso kupereka pepala lotchedwa Safety Data Sheet, lomwe lili ndi magawo 16. Gawo 4 limanena za chithandizo choyamba, gawo 8 za zovala zodzitetezera. Mapepalawa amabwera m'Chingerezi chovuta, ndiye ndi udindo wa abwana kufotokozera antchito m'Chichewa n'kumata mfundo zake pakhoma. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO lidakhazikitsa pangano nambala 170 mu 1990, lomwe limati wantchito ali ndi ufulu wodziwa mankhwala omwe akugwira, komanso wochoka pamalo pomwe akuona kuti moyo wake uli pa chiopsezo. Zonsezi zikukhudzanso magulu a amayi omwe akupanga sopo m'midzi, ku Lizulu, ku Linthipe, ku Tsangano ndi kwina. Kositiki wa pakhonde ndi yemweyo wa m'fakitale, ndipo pakhonde pali ana. Ngati muli m'gulu lotere, kapena mumadziwa lina ku tchalitchi, akumbutseni kuti kositiki asaikidwe m'botolo la zakumwa kapena m'chitini cha shuga, ndipo ndowa za madzi zikhale zodzaza asadatsegule thumba.

Mnyamata wanu akadzachira, khungu latsopanolo lidzakhala lopyapyala, louma ndi loyabwa kwa miyezi yambiri, ndipo chipsera chimatenga chaka kapena kuposa kuti chikhwime. Pa nthawi imeneyo ndi pomwe Vaseline amagwira ntchito: bala litatsekeka lonse, azipaka n'kumasisita kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo asaliike padzuwa. Kuima tsiku lonse m'gambuti kukhoza kutsegulanso balalo, ndiye asathamangire kubwerera pa diramu chifukwa choopa kuti malo ake atenga wina. Adokotala akadzati akhoza kuyamba ntchito, apemphe kalata yonena ntchito zomwe angagwire ndi zomwe sangagwire, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Kalatayo muichite fotokope: ina ipite kwa abwana, ina ku ofesi ya zantchito, yeniyeniyo musunge inuyo kunyumba pamodzi ndi buku la ku chipatala.